Dzina Lake Lalembedwa M'buku Liti?

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa la kuno ku chigwa limawotcha lisanakwere nkomwe, mayi wina wa m'dera la mfumu Katunga anatiyembekeza pakhomo pa tchalitchi Misa ya m'mawa itatha. Sanabwere kudzalembetsa ubatizo. Atagwada anati: "Abambo, mwana wanga amutenga apolisi ku Blantyre, koma kumene amuika sindikudziwako." Mnyamatayo anali atapita m'tauni kukagulitsa timalonda m'misewu, ndipo mnzake wina ndiye anaimba foni kuti wagwidwa. Chimene analakwa, polisi imene anamutengera, kaya ali moyo kaya wavulala, panalibe wodziwa. Masiku 6 anali atapita. Mayiwo anali atagulitsa kale mbuzi yao kuti apeze ya ulendo, koma anali kuopa kukafika okha pamaso pa boma. Choncho tinakwera nawo minibasi pa Dyeratu, kuwoloka Shire, kudutsa pa Thabwa ndi kukwera mapiri aja kulowera mumzinda.

Pa polisi yoyamba munthu amene tinamupeza anayankha kuti "kuno kulibe," osatsegula ndi buku lomwe. Pa yachiwiri anati wosunga buku watuluka, tibwere mawa, monga ngati kwa Katunga ndi kuseri kwa nyumba. Dzuwa litapendeka tinafika pa yachitatu, ndipo pamenepo mtsikana wina wapolisi anawapatsa mayiwo mpando, natenga buku lalikulu, nayendetsa chala chake m'mizere mpaka anapeza dzina. Anatiwerengera tsiku ndi ola limene mnyamatayo analowa m'chitokosi, mlandu umene anali kumuganizira, tsiku limene anakaonekera ku khoti, ndi ndende imene anamutumiza pa rimandi. Ntchito yonseyo inatha msanga kuposa kuwiritsa madzi a tiyi. Mayiwo analira, koma kunali kulira kwa munthu amene wapeza chimene amafuna. Tsono ife pobwerera tinali kudzifunsa kuti: ngati chinthuchi chinali chapafupi chotere, nanga chifukwa chiyani chinadya mbuzi yathunthu ndi sabata ya kusagona?

Mau athu pa tsamba lino ndi amodzi okha. Munthu akagwidwa, zimene zalembedwa za kugwidwa kwake si chuma cha apolisi choti azibisa kapena kugulitsa. Ndi chake cha munthuyo ndi cha abale ake. Boma likatenga mwana wa munthu, limakhala ndi ngongole ya mayankho anayi kwa makolo ake: ali kuti, wagwidwa liti, chifukwa chiyani, ndipo adzaonekera liti pamaso pa woweruza. Wantchito wa boma amene akana kuyankha mafunso amenewa, kapena ayembekeza kaye kuti m'manja mwake mugwe kanthu, sakuteteza lamulo ayi, akuliphwanya. Ndipo ife Akristu tikamangoti "zaboma sizifunsidwa," tikumuthandiza kuliphwanya.

Tiyambe tadziwa kuti munthu wogwidwa amasiya mapazi m'mabuku atatu. Loyamba lili ku polisi. Pa polisi iliyonse pamakhala buku la zochitika, limene anthu amangolitchula kuti OB, ndipo m'menemo mumalembedwa dandaulo lililonse ndi munthu aliyense wotsekeredwa. Apolisi akayamba kufufuza amatsegulanso fayilo ya mlanduwo, yokhala ndi nambala yake. Lachiwiri lili ku khoti. Mlandu ukafika kwa majisitireti umalandira nambala ina, ndipo kalaliki wa khoti amasunga fayilo yosonyeza mlandu umene munthu akuimbidwa, zimene anayankha, nkhani ya belo, ndi tsiku limene adzabwerenso. Lachitatu lili ku ndende, pakuti mkulu wa ndende salandira munthu wa rimandi popanda chikalata chochokera ku khoti. Amene wagwira nambala ziwiri zija, ya ku polisi ndi ya ku khoti, wagwira chingwe chimene angakokere m'bale wake. Amene alibe amangozungulira mumzinda ngati nkhuku yodulidwa mutu, kufunsa alonda a pa zipata.

Ena adzati tikukulitsa nkhani ya mapepala chabe. Iwowa akafunse akuluakulu a boma lino la Chikwawa za phungu wao wa Nyumba ya Malamulo, David Chiwanga. M'mwezi wa Meyi 1983 iyeyu anagwidwa ndi apolisi pamodzi ndi nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala. Sanawatengere ku khoti lililonse. Patapita masiku owerengeka, dziko linauzidwa kuti anthu anayiwo afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Kwa zaka 11 mabanja ao analibe kanthu kena m'manja koma mau okhawo, ndipo kufunsa kunali kudziputira tsoka. Mu 1994 boma latsopano linakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi woweruza Mtegha, ndipo inapeza kuti anthuwo anagwidwa, anagonekedwa ku ndende ya Mikuyu ku Zomba, kenaka anaphedwa ndi apolisi pa msewu wa ku Thambani. Mlandu unazengedwa mu 1995, oimbidwa mlandu namasulidwa. Taonani tsono: ngati phungu ndi nduna anatha kuzimirira chotere m'manja mwa boma, kuli bwanji mwana wa mlimi wa thonje? Munthu amene kugwidwa kwake kwabisidwa ali pangozi, chifukwa omusunga amadziwa kuti palibe adzawafunse.

Ambiri a ife amene tikutumikira m'maparishi lero zimenezi sitinazione ndi maso. Tinazimva kwa makolo athu, amene mpaka pano amatsitsa mau akamazikamba. Masiku amenewo lamulo linkalola nduna kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, kwa nthawi yosadziwika. Mlakatuli Jack Mapanje anagwidwa mu Seputembala 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka mu 1991, osaimbidwa mlandu uliwonse. Machipisa Munthali anatha zaka 27 m'ndende. Awa ndi amene maina ao anamveka kunja. Ena ochuluka anali anthu wamba amene dziko silinawawerenge. Ndiye chifukwa chake pa 8 Marichi 1992 Aepiskopi athu, pamodzi ndi Ambuye Felix Mkhori amene anali kuweta dayosizi ya Chikwawa, analemba kalata ija imene inawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo mwa zina anadzudzula kutsekera anthu osadziwa tsiku limene mlandu wao udzamveke. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Aepiskopiwo anaitanidwa ku polisi. Ufulu wofunsa kuti "m'bale wanga ali kuti?" unagulidwa pa mtengo wotere. Kodi n'kwabwino kuti ife tiusiye pansi udye chiswe?

Pakuti lero lamulo lili kumbali ya mayi uja. Malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, pa gawo 42 amalamula kuti munthu wogwidwa auzidwe msanga chifukwa chake, m'chilankhulo chimene amamva. Amalamula kuti akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba limene latsegulidwa, zikalephereka, amasulidwe. Gawo lomwelo limapatsa womangidwa mwayi wolankhula ndi loya, ndi wochezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, m'bale wake, dokotala, ngakhalenso mlangizi wa chipembedzo chake. Tsono tiuzeni, inu amene mumabweza anthu pa kauntala: mayi angamuyendere bwanji mwana amene simunamuuze kumene ali? Ndipo maola 48 aja tingawawerenge kuyambira pati ngati ola limene munthu analowa m'chitokosi ndi chinsinsi chanu? Kubisa buku ndiko kufafaniza gawo lonselo popanda kulikhudza.

Palinso zina. Gawo 37 la malamulo omwewo limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga. Kwa zaka zoposa 20 ufuluwu unali ngati khasu lopanda mpini, mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli likuti nthambi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu wolandira zopempha za anthu, iyankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ikakana ipereke chifukwa. Wosakhutira angathe kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Kuyambira mu 2010 malamulo a kazengedwe ka milandu anaikanso malire a nthawi imene munthu angasungidwe pa rimandi mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha, ndipo kuwonjezera masikuwo n'kofuna chilolezo cha khoti. Koma malire onsewa amaima pa tsiku lolembedwa. Pepala likasowa, munthu amasowa nalo. Pamene makhoti anayamba mu 2015 kuunikanso zilango za akaidi oweruzidwa kuti anyongedwe, potsatira chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni cha 2007, kunapezeka kuti mafayilo a ambiri mwa iwo anali atatayika. Anthu anakalambira m'ndende, pepala lonena chimene anachita kulibe.

Tikudziwa zimene otsutsa anganene, ndipo tisawanyoze. Choyamba adzati apolisi sangaulule zonse pamene akufufuza, chifukwa mbava zina zingathawe ndipo mboni zingaopsezedwe. Izi n'zoona, ndipo lamulo la 2016 lija limalola kusunga zinsinsi zotere. Ifenso sitikupempha maina a mboni, kapena a munthu amene anakatsina khutu apolisi. Koma kunena kuti mnyamata wakutiwakuti ali m'chitokosi chino kuyambira Lachiwiri usiku, pa mlandu wakuba, kumaononga kufufuza kotani? Iye mwini akudziwa kuti wagwidwa, amene anamugwira akudziwa, anzake anaona. Osadziwa ndi amayi ake okha. Chinsinsi chimene chibisidwa kwa mayi yekha sichiteteza kufufuza. Chimateteza ulesi, kapena chibakera chimene chasiya chipsera, kapena chiphuphu chimene chikuyembekezeka.

Chachiwiri adzati: "Inu ansembe mumakonda kuikira kumbuyo mbava. Wogwidwa ndiye kuti walakwa, alandire zake." Mau awa timawamva ngakhale m'miphakati mwathu, makamaka kwa amene anaberedwapo ng'ombe kapena njinga, ndipo ululu wao sitiupeputsa. Koma kugwidwa si kuweruzidwa. Mu 2015 munthu wina wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, anagwidwa mu Blantyre mbandakucha akupita ku malonda ake, pa lamulo lakale lachitsamunda lokhudza anthu oyendayenda opanda chifukwa. Iye sanagonje, ndipo mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula kuti ndime ya lamulo imene anamugwirira ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndi angati ana a kuno ku chigwa amene anasesedwa m'misewu chomwecho, mlandu wao ndi umphawi basi? Ndipo ngakhale amene wabadi, chilango chake amapereka ndi khoti, ndipo m'chilangocho mulibe mau oti abale ake asadziwe kumene ali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachitatu ndi cholemera koposa, ndipo pano tiyenera kudzichenjeza tokha. Ena amafuna mabuku a ogwidwa osati kuti apeze m'bale, koma kuti apeze nkhani. Masiku ano munthu akangogwidwa, chithunzi chake ali ndi unyolo m'manja chimakhala chitafika kale pa Facebook ndi pa WhatsApp iye asanaone ndi khomo la khoti. Akadzamasulidwa palibe amene amafalitsa. Dzina lake limakhala litaipa: ntchito imamukana, ukwati umatha, ana ake amasekedwa ku sukulu. Chimenechi si chimene tikumenyera. Pali kusiyana pakati pa mayi wofunafuna mwana wake ndi mnansi wofuna chokamba pa chitsime. Lamulo la Mulungu loletsa kunamizira mnzathu limaletsanso kumuonongera mbiri popanda chifukwa. Buku litseguke kwa mwini wake, kwa abale ake, kwa loya, kwa oyendera ndende. Milandu izengedwe poyera monga momwe lamulo lifunira. Koma m'kamwa mwathu musatuluke chigamulo chimene woweruza sanapereke.

Tionjezenso ichi: mdima wa m'mabuku umabala nkhanza m'midzi. Anthu akapereka wakuba ku polisi, patapita masiku awiri namuona akumwa tiyi pa msika, amati ndalama zayenda. Mwina wangopatsidwa belo ndipo mlandu ukudikira tsiku lake. Koma popeza palibe amene wauza wodandaula nambala ya mlandu ndi tsiku la khoti, mphekesera ndiyo imalamula. Ulendo wotsatira anthu sapitanso ku polisi, amatenga zikwanje ndi petulo. Chigwa chino chinaona zotere: tisaiwale mwezi wa Marichi chaka cha 2016, pamene anthu 7 anatenthedwa ndi gulu ku Nsanje powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu, popanda khoti kumva mbali yao. Wapolisi amene afotokozera wodandaula pamene mlandu wafika akuzimitsa moto usanayake. Buku lotseguka limateteza wogwidwa, limateteza woberedwa, limatetezanso wapolisi wolungama kuti asanamiziridwe.

Komabe tisaloze chala kwa apolisi okha, pakuti vuto lina lili mwa ife. Tinalowa m'nthawi ya ufulu ndi mantha a nthawi yakale. Tikafika pa ofesi ya boma timavula chipewa, mau nauma, ndipo tikauzidwa kuti "bwerani mawa" timathokoza. Ena a ife timafika titakonzeratu kandalama kokulunga m'mpango, tisanapemphedwe nkomwe, ndipo potero timaphunzitsa wantchito kuti buku limatseguka ndi ndalama. Belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Nanga bwanji mbuzi zathu zikuthera pamenepo? Enanso manyazi ndiwo amatimanga: mwana akagwidwa timabisa, ku mphakati timati wapita ku ntchito ku Nchalo, iye akuwola pa rimandi popanda womuyendera. Malembo Oyera amatiuza za Paulo Woyera amene bwanamkubwa wa Chiroma anamusunga m'ndende zaka ziwiri ku Kesareya, akuyembekeza kuti amupatsa ndalama. Paulo sanapereke. Anadziwa ufulu wake ngati mbadwa ya Roma, naugwiritsa ntchito mpaka kupempha kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara. Kudziwa lamulo ndi kuliimirira si mwano kwa akuluakulu.

Nanga tichite chiyani? M'bale wanu akagwidwa, musachedwe ndipo musapite nokha. Tengani munthu wodziwa kulemba. Funsani mwaulemu koma mosagwedezeka mafunso anayi aja, pemphani nambala ya fayilo ndi dzina la wapolisi wofufuza, ndipo lembani zonse m'kope lanu pamodzi ndi tsiku ndi ola limene mwafunsa. Maola 48 akatha munthu asanapite ku khoti, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo. Mlandu ukalowa m'khoti, pitani kwa kalaliki mukatenge nambala ndi tsiku, ndipo tsikulo likafika mukakhale pa benchi, kuti woweruza aone kuti munthuyu ali ndi kwao. Osauka ali ndi Legal Aid Bureau, imene boma linaikira anthu osatha kulipira loya. Alipo a Paralegal Advisory Service amene akhala akuyendera ndende kuyambira mu 2000. Ndipo wozunzidwa ndi apolisi angadandaule ku Independent Complaints Commission. Ku parishi, a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere asamangoonekera pa misonkhano. Mphakati uliwonse ukhale ndi anthu awiri odziwika amene ntchito yao ndi kuperekeza mabanja ku polisi ndi ku khoti, ndiponso kope lolembamo maina a ana ao onse amene ali m'ndende, kaya ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Chichiri, ndi tsiku la mlandu wa aliyense. Mutu umodzi susenza denga.

Mwana wa mayi uja anatuluka pa belo patapita sabata ziwiri, ndipo mlandu wake ukuyenda. Ngati analakwa, khoti lidzanena. Chimene sitiiwala ndi mtsikana wapolisi uja. Sanaphwanye lamulo lililonse, sanaulule chinsinsi cha boma, sanalandire kobiri. Anangotsegula buku nawerenga mzere umodzi kwa munthu amene unali wake. Kwa apolisi Achikristu amene mumapemphera nafe Lamulungu, tikuti: chitani chomwecho, ngakhale anzanu akusekeni. Kwa inu makolo tikuti: lekani kuopa kufunsa. Kuyendera am'ndende ndi imodzi mwa ntchito zachifundo zimene tinaphunzira pa katekisimu, ndipo Ambuye Yezu anati adzatifunsa za iyo pa tsiku lomaliza. Koma sitingayendere munthu amene sitidziwa kumene ali. Ntchito yachifundoyo imayambira pa kauntala ya polisi, ndi funso lakuti dzina lake lalembedwa m'buku liti.